Chipsera Chili pa Mwendo, Koma M'faelo Mulibe

Arakan, Tug Argan, Chindwin, Gondar. Kwa ife awa ndi maina a makampu a asilikali ku Lusaka, Ndola, Kabwe ndi Chipata, koma poyamba anali malo a nkhondo ku Burma, Somaliland ndi Ethiopia, kumene anyamata a mu Africa anamenyera Britain pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Tug Argan, mu Ogasiti 1940, gulu la Northern Rhodesia Regiment linakakamira pamapiri masiku angapo likulimbana ndi asilikali a Italy omwe anali ochuluka kwambiri. Chinenero cha m'gululo chinali Chinyanja, ndipo anyamata a kuno kummawa analimo. Maina a mapiri ndi mitsinje tawasunga pazipata za makampu. Koma funsani kuti ndani wa kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe anabwerako ndi chipolopolo m'thupi, mudzasowa pokawerenga.

A nkhondo imeneyo atsala pang'ono kutheratu. Amene ndikuwalankhulira lero ndi a nkhondo yapafupi, imene anthu a ku Nyimba ndi Petauke anaimva ndi makutu awo. Mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja m'boma la Luangwa, ndipo asilikali a Zambia anafera pomwepo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO za ku Mozambique zinkadumpha malire kudzalanda chakudya ndi ng'ombe, kugwira anthu ndi kupha, mpaka midzi ina ya m'malire inasamuka. Othawa nkhondo ochokera ku Mozambique anakawasunga ku Ukwimi kuyambira 1987. Asilikali athu anagona m'tchire kulondera malirewo mpaka boma la Mozambique ndi RENAMO anasainirana mtendere ku Rome mu Okutobala 1992. Ambiri mwa iwo alipo, ndi azigogo tsopano, amalima chimanga ndi nthochi, ndipo ena amayenda chotsimphina.

Bala la kunkhondo limasowa m'mabuku mosavuta. Munthu walasidwa usiku m'tchire. Mnzake wodziwa za mankhwala wamumanga bandeji, amunyamulira pagalimoto kupita ku chipatala chapafupi, mwina cha mishoni, kumene namwino amulemba m'kaundula ngati wodwala wina aliyense. Wamkulu wa gululo ali ndi anthu ena oti awapulumutse, lipoti alilemba mawa lake mwachidule, nambala ya ovulala basi. Patapita zaka, faelo ikungonena kuti anapuma ntchito pa zifukwa za matenda. Pamenepo wolasidwa ndi mdani ndi wogwa panjinga ali patchuthi afanana. Koma sali ofanana, kaya pa ulemu, kaya pa chipukuta misozi, kaya pa zimene adzukulu ake adzamva za iye.

Amene anaonapo mapepala a msilikali wakale kumudzi akudziwa zomwe ndikunena. Amakhala pansi pa sutukesi ya chitsulo, atakulungidwa m'pulasitiki ya shuga. Pepala lapindidwa kambirimbiri mpaka pamzere wopindirapo mawu anafufutika, m'mphepete chiswe chinalawako. Dzina lake pamenepo mwina silikufanana ndi la pa reji, chifukwa kalaliki analemba mmene anamvera, kapena mwini wakeyo analowa usilikali ndi dzina la mkulu wake limene anaphunzirira nalo sukulu. Chilembo chimodzi chokha chimakwanira kuti munthu amuuze kuti, "Bambo, si inu uyu." Apinda buluku kuonetsa chipsera, koma wa mu ofesi sanaphunzitsidwe kuwerenga chipsera.

Ena amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, msilikali anadziwa chimene ankalowera. N'zoona, ndipo sindinamvepo msilikali wakale akudandaula kuti anatumidwa kunkhondo. Iye anakwaniritsa mbali yake ya pangano. Mbali ya boma inali yolemba zoona za iye.

Ku America kuli mendulo yotchedwa Purple Heart, imene imaperekedwa kwa msilikali wovulazidwa kapena kuphedwa ndi mdani. Inayambika m'maonekedwe ake a lero mu 1932. Lamulo lake limafuna kuti balalo likhale lochokera kwa mdani, lothandizidwa ndi dokotala wa asilikali, ndiponso lolembedwa m'mabuku. Nakonso mapepala amasowa: mu Julayi 1973 moto unagwira nyumba yosungiramo mafaelo a asilikali ku St. Louis n'kuwononga mafaelo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Chimene ndimasirira n'chakuti iwo ali ndi khomo lodziwika. Nthambi za asilikali zili ndi mabungwe okonza zolakwika m'mafaelo, ndipo wodandaula amadzaza fomu imodzi, DD Form 149. Amaloledwa kubweretsa umboni wa anzake amene anali naye tsikulo, makalata amene analembera kwawo, ndi zimene dokotala wapeza m'thupi mwake. Pali malire a zaka zitatu, koma bungwelo lingawapyole ngati chilungamo chikufuna choncho. Ambiri amakanidwa ndithu, koma amauzidwa chifukwa chake pa pepala, ndipo angathe kupita kukhoti.

Agogo athu amene anamenyera Britain analibe khomo lotere. Mamendulo a nkhondo imeneyo, monga Burma Star ndi Africa Star, Britain inawapereka opanda dzina la mwini wake, kotero pepala likatayika palibe cholumikiza munthu ndi mendulo yake. Mu 2019 atolankhani anafukula chikalata chosonyeza kuti nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pamene wachikuda ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba, ambiri a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Mfumu Charles inakapereka mamendulo atsopano kwa asilikali akale a ku Kenya ku Nairobi mu Novembala 2023, patatha zaka pafupifupi 80. Ndinakondwera nawo, koma mtima unandiwawa poganizira anzawo onse amene anaikidwa m'manda asanaone tsikulo. Amene anatichita zimenezo ndi atsamunda. Za Kavalamanja ndi za RENAMO zili m'manja mwathu, palibenso mzungu woti timuloze chala.

Ndikudziwa mantha a boma. Mukangolengeza kuti ovulala kunkhondo abwere, adzabwera ndi amene anadzitema ndi nkhwangwa kumunda. Koma bodza la mtundu umenewu silikhalitsa pamaso pa asilikali anzake. Iwo amadziwana nambala, amakumbukira amene anali m'gulu liti, pansi pa bwana uti, pa mtsinje uti. Makina a X-ray amaonetsa kachitsulo kotsalira m'mnofu. Anyakwawa amakumbukira chaka chimene mwana wa m'mudzi anabwera ndi ndodo. Umboni utatu umenewu ukagwirizana, faelo iyenera kugonja.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma linasainidwa mu Disembala 2023, ndipo msilikali wakale ayenera kukhala woyamba kupindula nalo: aone faelo yake, apatsidwe kope lake. Chotsatira, Unduna wa Zachitetezo ukhazikitse komiti yokonza mafaelo, mukhale dokotala, loya ndi msilikali wopuma, ndipo iziyankha mwa kalata pa nthawi yoikika. Isakhale ku Lusaka kokha. Kuchoka ku Nyimba kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 300, ndipo nkhalamba ya mwendo wolasidwa yochokera kwa Luembe kapena kwa Mwape iyenera kuyamba yafika pamseu wa tala, kenaka isake ndalama ya basi ndi pogona. Komitiyo ibwere ikhale sabata imodzi ku Nyimba, ina ku Petauke, ina ku Katete ndi Chadiza, uthenga udutse kwa mafumu ndi pa wailesi m'Chinsenga ndi m'Chinyanja. Amasiye nawonso aloledwe kubweretsa mapepala a amuna awo, ndipo ntchitoyi iyambe chaka chino, mboni zikadali ndi moyo.