Yasweka ndi sikirini, nanga password akuifuniranji?

Atsikana, lero tikambirane za kwa okonza mafoni.

Tonse tinapitako. Foni yagwa potsika minibasi, sikirini yangoti mizeremizere. Kapena yasiya kulowa moto, ukuchita kupinda chingwe cha tchaja n'kutsamiritsa pa buku kuti igwire. Ukafika pa benchi paja, asanaitsegule n'komwe, funso ndi lomwe lija: "Sisi, password ndi chani? Mubwere cha m'ma 4." Ndiye timapereka, ena mpaka kuwajambulira pateni pa kapepala, chifukwa tikuthamangira ku ntchito, komanso sitifuna kuoneka ovuta.

Koma taganizirani zomwe tasiya pa benchipo. Ma chat onse a pa WhatsApp. Facebook yotsegula kale. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba oonetsa ndalama zomwe tatsala nazo. Chithunzi cha chiphaso cha unzika chomwe tinatumiza pofunsira ntchito. Zotsatira za kuchipatala. Ndi zithunzi zija zomwe tinajambula tili tokha kuchipinda. Chikwama cha m'manja sitingamusiyire munthu wosamudziwa kwa maola asanu, koma foni timasiya, yotsegula.

Ife tikuti ayi. Kusintha sikirini, batire, sipika kapena polowetsa tchaja sikufuna password. Okonzawo amati akufuna ayese ngati yakhala bwino, ndipo pamenepo sakunama, kuyesa kumafunikadi. Koma angathe kuyesa inu mulipo: mutsegule nokha, ayese mukuona, mutseke. Ambiri mwa anyamatawa ndi anthu ongodzisakira ya ndiwo, alibe nazo ntchito zithunzi zathu. Vuto ndi loti woipayo sadziwika pankhope, ndipo kukopera zithunzi mu laputopu sikutenga nthawi yaitali.

Ndiye musanaipereke, chotsani SIM ndi memory card, ziikeni m'chikwama. Imbani *#06#, pabwera nambala ya IMEI ya manambala 15. Ilembeni penapake kuti pokatenga mutsimikize kuti ndi foni yanu yomwe ija, komanso apolisi amaifunsa foni ikabedwa. Ngati muli ndi Samsung ya zaka zaposachedwa, fufuzani Maintenance mode mu Settings: imabisa zithunzi, mauthenga ndi ma akaunti anu, wokonza amangoona foni ngati yatsopano. Mafoni ena a Android ali ndi Guest, imathandizanso chimodzimodzi.

Zimavuta ndi pamene akuti "iyi ikufunika kufulasha". Kufulasha nthawi zambiri kumafufuta zonse, ndipo pofika pamenepo foniyo mwina yakana kale kuyaka. Nchifukwa chake backup imachitika foni ili bwinobwino. Tikudziwa, bandulo ndi yodula, palibe amene amasangalala kuona data ikuthera kukweza zithunzi. Akaunti ya Google imapereka malo a 15GB aulere. Gwiritsani ntchito WiFi ya ku ofesi kapena kusukulu, apo ayi kokerani zithunzizo mu laputopu ndi chingwe, osawononga data ngakhale pang'ono.

Ngati mwakakamizika kupereka password, chabwino, zimachitika. Mukangoitenga foniyo, isintheni. Kenako lowani pa WhatsApp, pitani pa Linked devices. Mukapeza kompyuta yomwe simukuidziwa, ndiye kuti wina akuwerenga nawo mauthenga anu, chitani log out pomwepo. Yatsaninso Two-step verification, ija ya PIN ya manambala 6. Ndipo chonde abale, PIN yotsegulira foni isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money. Ambirife timaika chaka chobadwa paliponse, eti? Chaka chomwecho chili pa chithunzi cha chiphaso chija mu gallery.

Chomwe chimatiwawa kwambiri ndi ichi. Zithunzi za mtsikana zikayamba kuzungulira m'magulupu, funso limakhala loti "amajambuliranji?" Palibe amene amafunsa kuti anazitulutsa m'fonimo ndani. Mtsikanayo amasiya sukulu, amachotsedwa m'kwaya, chibwenzi chimatha, pomwe wozibayo mawa lake watsegula benchi yake ngati palibe chachitika. Chonsecho dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limaletsa kulowa mu data ya munthu popanda chilolezo komanso kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Zikakuchitikirani, musafufute mauthenga oopseza, sungani ma screenshot, tengani mnzanu wokhulupirika mupite ku Victim Support Unit kupolisi. Ndipo chithunzi chotero chikafika pa gulupu yomwe ifeyo tilimo, chithere pa ife, osatumiza kwina.

Ulendo wina akadzati "sisi, password", mudzangoyankha kuti, "Konzani kaye achimwene, ndidzatsegula ndekha poyesa." Akakana, tengani foni yanu, pitani pa benchi ina.