Jakarta mpaka Jeddah: maola 6 kapena 10?

Lero tiyambe ndi kamwambi ka masamu kamene ndimakonda kupatsa ana akuluakulu ku madrasa. Ndege yanyamuka ku Jakarta, dziko la Indonesia, nthawi ya 11 koloko m'mawa, ndipo yatera ku Jeddah nthawi ya 5 koloko madzulo. Yakhala m'mlengalenga maola angati? Ana onse amakuwa kuti 6. Alakwa. Ndi maola 10.

Chinsinsi chake n'chakuti tikiti imalemba nthawi ya kumene mwanyamuka ndi nthawi ya kumene mukatera, aliyense ndi wotchi yake. Jakarta ili patsogolo pa Jeddah ndi maola 4. Ndiye pamene ku Jeddah ili 5 koloko, ku Jakarta yakwana kale 9 koloko usiku. Pobwerera zimatembenuka: munyamuka 7 koloko madzulo n'kukafika 9 koloko m'mawa, tikiti n'kumaoneka ngati ya maola 14, chonsecho ulendo ndi womwewo.

Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi pafupifupi makilomita 8,000. Nyanja yathuyi, kuchokera kumpoto mpaka kuno kumwera, ndi makilomita ngati 580. Tangoganizani kuiyenda ka 14 konse! Ndege imadula mtunda umenewu pa maola 9 kapena 10, malinga ndi mphepo ndi njira imene yapatsidwa, poti imathamanga makilomita oposa 800 pa ola. Agogo a anthu a ku Indonesia ankatha masabata pa sitima ya pamadzi. M'chaka cha 2024 dzikolo linapatsidwa malo a anthu 241,000 opita ku Hajj, ndipo onsewo anadzera mumlengalenga.

Mwina wina anena kuti za ku Jakarta zitikhudza bwanji ife a ku Mangochi ndi Nkhotakota. Zikutikhudza, chifukwa liwiro limeneli n'limene limasokoneza munthu pa mapemphero. Ndege yolowera kuzambwe imathamangitsa dzuwa, tsiku n'kutalika. Wosala amene wakwera ndege ija asadalire wotchi ya kwawo. Amasule pamene dzuwa lalowadi kumene iye ali, ngakhale mimba ikunena kuti nthawi yapitirira kalekale. Swala nayonso imatsata dzuwa la pamalo pamene muli. Mwayi wake wapaulendo analoledwa kufupikitsa ndi kuphatikiza swala, ndiponso kubweza swaumu masiku ena.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi miqat, malire aja amene wopita ku Makkah sayenera kuwadutsa asanalowe mu ihram. Wa pa ngamira ankaima, kusamba, n'kuvala mosafulumira. Ndege siima. Pa mphindi imodzi yokha yadutsa makilomita 14. Mukadikira kuti alengeze kenaka n'kuyamba kufunafuna nsalu m'chikwama, pamene mukutuluka m'kachimbudzi kopanikiza kaja mudzapeza malire atatsala kumbuyo. Langizo langa n'lakuti nsalu muvaliretu pabwalo la ndege, niya mudzapange mukamayandikira malirewo. Amene ayambira ku Madinah alibe vuto limeneli, poti iwo amakavala ku Dhul Hulayfah ali pansi.

Ndipo inu otsala kunyumba, musanaimbe foni kumbukirani kuti Jeddah ili patsogolo pathu ndi ola limodzi lokha, koma Jakarta ndi maola 5. Mukaimba mutatha Isha, kumeneko ndi pakati pa usiku.