Wochira khansa si wosabereka: Shariya ikuti chiyani pa kulera kwapangozi?

Kafukufuku wina wa ku America, amene adasindikizidwa m'chaka cha 2018, adapeza kuti amayi achichepere amene adachira matenda a khansa amamwa mapiritsi olera apangozi kwambiri kuposa anzawo amene sanadwalepo. Nkhaniyi ndi yakutali, koma gwero lake lili m'nyumba zathu zomwe, kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Mangochi.

Mankhwala amphamvu a khansa nthawi zambiri amaimitsa msambo. Mayi akabwerako ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central n'kukhala miyezi osasamba, iye ndi mwamuna wake amangoti kubereka kudatha, ndipo kulera amakusiya. Koma mwa amayi achichepere ambiri mphamvu yobereka imabwerera, ndipo dzira likhoza kukhwima msambo usanayambirenso. Pathupi pamabwera thupi lisanalimbe, mwinanso mayi akadali pa mankhwala. Tamoxifen, amene odwala khansa ya m'mawere ena amamwa kwa zaka 5 kapena kupitirira, akhoza kuvulaza mwana m'mimba. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kudikira kaye.

Mapiritsi apangozi aja tiyenera kuwamvetsa bwino, pakuti ambiri mwa ife timawaweruza tisanawadziwe. Ntchito yake yaikulu ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke. Sachotsa pathupi pamene pakhazikika kale. Amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka asanathe maola 72, ndipo mankhwala ena, monga rifampicin wa TB, amawachepetsa mphamvu. Palinso lupu ya kopa, imene ikaikidwa asanathe masiku 5 imagwira ntchito yomweyo, n'kupitiriza kuteteza kwa zaka. Mulibe mahomoni, choncho ndiyo imene kawirikawiri amalangizidwa amayi a khansa ya m'mawere, amene jakisoni ndi mapiritsi a tsiku ndi tsiku sawayenera.

Nanga chipembedzo? Maswahaba ankachita azl, kuthira pambali, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye, ali moyo, ndipo sadawaletse. Pa maziko amenewa, bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Kuwait m'chaka cha 1988, lidagamula kuti okwatirana akhoza kulera kwa kanthawi pa chifukwa chomveka, atagwirizana awiriwo, pokhapokha njirayo isakhale yovulaza kapena yochotsa pathupi pamene palipo kale. Kutseka kwamuyaya ndiko lidaletsa, kupatula pakakhala vuto lalikulu. M'kuona kwanga, chifukwa chomveka choposa moyo wa mayi amene wangopulumuka kumene ku khansa n'chosowa, ndipo kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zikuluzikulu za Shariya.

Ena ati mapiritsiwa amalimbikitsa zina. Zina ndi haramu, mapiritsi alipo kapena palibe. Koma tchimo la ena lisatsekere khomo mkazi wa pa nikah, kapenanso mtsikana amene wagwiriridwa, amene ayenera kufika kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire thandizoli pamodzi ndi mankhwala omuteteza ku HIV.

Chondidetsa nkhawa ine si mapiritsi ayi, koma chimene chimachititsa kuti afunike. Njira yapangozi ikamamwedwa kawirikawiri, ndiye kuti njira yokhazikika palibe, ndipo nthawi zambiri palibe chifukwa pabanjapo sadakhale pansi n'kukambirana. Mwamuna amaperekeza mkazi wake kuchipatala n'kutsalira panja. Apongozi, mwa chikondi ndithu, amayamba kufunsa za mdzukulu tsitsi la mkamwana lisanamere n'komwe. Mayi amatsala yekha pakati, akuopa matenda uku, akuopa kusiyidwa uko, ndipo mapeto ake amakagula mapiritsi mobisa, osauza ngakhale dokotala amene akudziwa mankhwala ena amene akumwa.

Abambo, pa ulendo wotsatira wa kuchipatala lowani nawo m'chipinda cha dokotala. Funsani kuti adikire nthawi yaitali bwanji asanatenge pathupi, ndi njira iti imene ikugwirizana ndi mtundu wa khansa imene adadwala, ndiponso achite chiyani njirayo ikalephera usiku wina.