Njovu za ku Liwonde ndi za yani?

Funsani mwana wa sukulu wa m'midzi yozungulira nkhalango ya Liwonde, ku Machinga, ku Balaka kapena ku Mangochi, ngati anaionapo njovu. Ambiri adzakuuzani kuti anaiona usiku ili m'munda mwa chimanga, makolo awo akuimba zitini ndi kukoleza moto kuti aipirikitse. Njovu yomweyo mlendo wochokera ku London amaiona masana ali m'boti pa mtsinje wa Shire, ikumwa madzi pafupi ndi mvuu ndi ng'ona, ndipo amabwerera kwawo ndi zithunzi zokaonetsa abale ake. Kusiyana kumeneku ndi kochititsa manyazi kwa ife eni dziko, ndipo tikakulekerera kudzawononga nyama zomwe tikuti tikuziteteza.

Dziko lathu lili ndi mapaki asanu: Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi paki ya Nyanja ya Malawi, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Palinso nkhalango zinayi zosungirako nyama: Majete, Nkhotakota, Vwaza ndi Mwabvi. Ntchito imene yachitika m'malo ena mwa amenewa ndi yaikulu ndipo sindikuipeputsa. Pamene bungwe la African Parks linkayamba kuyang'anira Majete mu 2003, njovu, zipembere ndi mikango zinali zitatheratu. Lero zonsezi zinabwerera. Mu 2015 bungweli linayamba kugwira ntchito ndi boma ku Liwonde ndi ku Nkhotakota. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota. Mikango inabwerera ku Liwonde mu 2018, ndipo mu 2019 kunafika zipembere 17 zochokera ku South Africa.

Tsono tifunse kuti amene akusenza mtolo wa ntchitoyi ndani. Pamene paki ya Nyika inkakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anachotsedwa m'midzi ya makolo awo. Mu 2022 njovu 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo pambuyo pake anthu okhala m'malire a pakiyo, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, analira mbewu zawo, ena analira maliro. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka wolakwa pa milandu ikuluikulu angathe kukhala m'ndende zaka 30. Lamuloli ndi loyenera, chifukwa ogulitsa minyanga safunika kuwanyengerera. Koma munthu wa kumudzi amene za pakiyo amangodziwa mpanda wa magetsi, mlonda wa mfuti ndi munda wopondedwa, tisayembekezere kuti adzaikonda. Akaona mnzake akutchera khwekhwe adzakhala chete, popeza nyama imene ikufayo saiwerengera kuti ndi yake.

Mlandu wina uli pa ife tomwe, makamaka amene tili ndi kangachepe m'thumba. Tinadziphunzitsa tokha kuti kukaona nyama ndi za azungu. Pa tchuthi timadzaza magalimoto kupita ku nyanja, n'kudutsa pa mlatho wa ku Liwonde osaganizako zokhotera ku paki imene ili pafupi pomwepo. Timataya ndalama zochuluka pa madyerero a tsiku limodzi, koma mwana wathu amamaliza sukulu akudziwa mphalapala ndi njati m'buku mokha. Chonsecho mtengo wolowera pachipata ndi wotsika kwambiri kwa Mmalawi poyerekeza ndi umene amalipira mlendo wakunja. Ambiri a ife sitinafunsepo n'komwe kuti ndi ndalama zingati.

Ena adzati munthu amene alibe ufa m'nyumba sangaganize zokaona mikango. Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikuloza chala mlimi wa kumudzi. Iye ndiye woyenera kulowa popanda kulipira, ndi galimoto yomutenga pakhomo, chifukwa analipira kale ndi chimanga chake. Ena adzati ndalama zakunja zimene alendo amabweretsa ndi zimene zimalipira alonda ndi kukonza mipanda. Nazonso ndi zoona, ndipo mlendo tiyenera kumulandira ndi manja awiri. Koma akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mu 2020, matenda a Covid-19 ataimitsa ndege, malo ogona alendo anakhala opanda anthu ndipo antchito ambiri anabwerera kumudzi. Njovu zinatsala ndi anthu omwe aja a m'malire, amene sitinawaitanepo kulowa. Paki imene imadalira mlendo yekha imagwedezeka nthawi iliyonse kunja kukagwa vuto.

Ndikudziwa kuti mapaki ena amatengako ana a sukulu kukaona nyama ndipo amathandiza midzi ndi ntchito monga ulimi wa njuchi. Zimenezi ndi zabwino, koma zisamaoneke ngati chifundo cha mwini chuma kwa wopempha. Nkhalangozi ndi za Amalawi, ndipo bungwe lililonse loziyang'anira likugwira ntchito m'malo mwathu. Choncho mwana aliyense wa sukulu yoyandikana ndi paki alowemo kamodzi asanalembe mayeso a Sitandade 8, ndipo limeneli likhale lamulo lokhala ndi ndalama zake. Gawo la ndalama za pachipata limene limapita ku midzi lizilengezedwa poyera, pa msonkhano wa mfumu, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kuti aliyense adziwe kuti zalowa zingati ndipo zagwira ntchito yanji. Banja limene mbewu zake zawonongedwa kapena limene lataya m'bale wake lipepesedwe mwadongosolo, lisamangouzidwa kuti lipirire. Eni malo ogona alendo aike mitengo ya m'makwacha imene mphunzitsi kapena namwino angaikwanitse, makamaka m'miyezi ya mvula pamene zipinda zawo zambiri zimakhala zopanda anthu.

Ndipo inu owerenga, musadikire boma. Makomiti a sukulu, magulu a amayi ndi mabungwe a achinyamata amatha kusonkha ndalama za basi akafuna kupita ku mpira kapena ku ukwati. Sonkhaninso za ulendo wa ku Liwonde, ku Lengwe kapena ku Vwaza. Pitani m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumene kuli madzi. Nyamukani m'mamawa, tengani kamba wanu, ndipo mipando ya pazenera musiyire ana. Mwana amene waona njovu ikusambitsa mwana wake mu Shire akadzakula adzafunsa za ndalama za pachipata, ndipo adzakana kutchera khwekhwe.