Kodi Nkhawa Siipha? Za Anthu a ku Bangladesh m'Masiku a Mliri

Pali mau amene amveka pakamwa pa anthu ambiri, ngakhale ophunzira omwe, akuti, "Kubvutika m'maganizo ndiyo nthenda ya olemera, wosauka alibe nthawi ya zotere, iye angofuna cakudya." Ena awonjeza kuti pa nthawi ya mliri tisamale thupi lokha, pakuti nkhawa siipha munthu. Mau awa ndiwakana onse awiri, ndipo mboni zanga ndiwo anthu a ku Bangladesh m'masiku a mliri wa Covid-19.

Bangladesh ndilo dziko la kum'mawa kwa India, kumene mitsinje yaikuru ya Ganges ndi Brahmaputra ithira m'nyanja. Malo ace ngocepa, koma anthu ace aposa 160 miliyoni. Odwala atatu oyamba anapezeka pa 8 March m'caka ca 2020, ndipo woyamba kufa anafa pa 18 March. Pa 26 March boma linatseka maofesi ndi masitolo, kupatula ogulitsa cakudya ndi mankhwala, niliimitsa mabasi, sitima za pamtunda ndi za pamadzi. Kutsekaku linakucha chuthi ca anthu onse, ndipo cinakhala kufikira 30 May, ndiwo masiku 66.

Sinditsutsa kutsekako, ai. Mu mzinda wa Dhaka mabanja ambiri agona m'cipinda cimodzi, ndipo nthenda yoyenda ndi mpweya ikadalowa ngati moto m'chire louma. Koma chuthi cikoma kwa iye amene malipiro ace afika pa kutha kwa mwezi. Nanga wopalasa njinga yonyamula anthu, dzina lace rickshaw? Nanga waganyu, ndi mkazi wocapa m'nyumba za eni? Amenewa adya madzulo cimene manja ao anapata usana. Kumuuza munthu wotere kuti, "Khala m'nyumba," osampatsa mpunga, ndiko kumtsekera pamodzi ndi ana olira njala, ndi mwini nyumba wofuna lendi ali pakhomo. Kodi mutu wa munthu ameneyo ukhala bwanji usiku?

Taonaninso osoka zobvala, amene m'dzikomo ali ngati 4 miliyoni, ambiri a iwo akazi. Mliri utafika, ogula a ku Ulaya ndi ku Amereka anabweza kapena kuimitsa mau ao pa zobvala za mtengo wa madola ngati 3 biliyoni. Pa 4 April 2020, atamva kuti nyumba zosokeramo zidzatsegulidwa m'mawa mwace, anchito zikwi zambiri ananyamuka kumidzi kunka ku Dhaka, ena pa miyendo, ena m'magalimoto a katundu, popeza mabasi panalibe. Ambiri anacokera mbali za Mymensingh, ndipo pakati pa mzinda umenewo ndi Dhaka pali mamailosi oposa 70. Atafika anauzidwa kuti zitseko zikhalabe zotseka. Munthu sayenda ulendo wotere pakati pa mliri cifukwa ca kupusa. Ayenda cifukwa mantha a kutaya nchito aposa mantha a imfa. Mantha amenewo ndiwo amene ena ati wosauka alibe nthawi yao.

Coposa njala cinali kusalana. M'midzi yina anthu anazika mbendera zofiira pa nyumba za obwera kucokera kunja. Kwina anakana kuti akufa ndi mliri aikidwe m'manda a kwao. Pa 25 March 2020 mwamuna wina wa zaka 36, amene anabwera kumudzi kucokera ku Dhaka ali ndi cimfine ndi kutentha thupi, anaona anansi ace alikumthawa ndi kumnena kuti watenga mliri, ndipo anadzipha. Pomuyesa atafa, anapeza kuti nthendayo analibe konse. M'mwezi wa April, m'nkhalango ya ku Sakhipur m'boma la Tangail, munapezeka mai wina amene abale ace enieni anamsiya usiku pomganizira nthenda yomweyo. Inu amene muti nkhawa siipha, tiuzeni cimene cinapha mwamuna uja.

Ndipo m'kati mwa nyumba zotsekedwazo munalibe mtendere monsemo. Bungwe la Manusher Jonno Foundation, pofunsa anthu pa lamya m'maboma 27, linapeza akazi 4,249 amene anazunzidwa m'nyumba zao m'mwezi wa April wokha, ndipo 1,672 a iwo zotere zinawagwera koyamba. Mwamuna wosowa nchito, wogwidwa manyazi pamaso pa ana ace, akhuthula mkwiyo pa wofooka amene ali naye pafupi. Ici sicicotsa mlandu wace, koma citionetsa kuti nsautso ya m'mutu mwa mmodzi isanduka mabala pa thupi la wina.

Za ana ndinena monga mphunzitsi. Masukulu a ku Bangladesh anatsekedwa pa 17 March 2020, natsegulidwanso pa 12 September 2021, atapita masiku 543. Maiko ocepa okha anatseka nthawi yaitali cotero. Aliyense amene waima patsogolo pa ana adziwa kuti sukulu ipatsa mwana zoposa kuwerenga ndi masamu. Impatsa anzace, impatsa cifukwa ca kudzukira m'mamawa, impatsanso munthu wamkuru wina wakuona ngati nkhope yace yagwa. Pamene izi zinacotsedwa, anyamata ena analowa nchito osabweranso, asungwana ena anakwatiwitsidwa asanakhwime. Ngakhale akuru a m'masukulu apamwamba sanapulumuke: bungwe la Aachol Foundation linawerenga ophunzira a m'mayunivesite 101 amene anadzipha m'caka ca 2021.

Tsono anayenera kuthandiza onsewa ndani? Mliri usanafike, kufufuza kwa boma kwa zaka za 2018 ndi 2019 kunaonetsa kuti pafupifupi munthu wamkuru mmodzi mwa asanu ndi mmodzi anali ndi nthenda yina ya maganizo, ndi kuti oposa 90 mwa 100 a iwo sanalandira cithandizo ciri conse. Madotolo a nthenda zimenezi anali mazana owerengeka okha m'dziko lonselo, ambiri a iwo m'mizinda yaikuru. Cipatala cakale ca ku Pabna, cimene cinayamba m'caka ca 1957, cinali ndi makama 500. Lamulo la atsamunda la 1912, lonena za "amisala", linakhala kufikira 2018. Ndipo pakamwa pa anthu panali liu lija lakuti pagol, ndiko kuti wamisala, limene licititsa banja kubisa wodwala wace kuopa kuti ana ao angasowe ukwati. Cotero tsiku ndi tsiku akuru a zaumoyo analengeza ciwerengero ca ogwidwa ndi mliri ndi ca akufa nao, koma osowa tulo, ndi otaya ciyembekezo, anabvutika m'tseri.

Wina adzati, "Dziko losauka silikhoza zonse, liyambe ndi mpweya wa m'zipatala." Inde, mpweya ufunika. Koma mantha nawonso afalitsa mliri, pakuti munthu amene waona mnzace atazikidwira mbendera yofiira abisa cifuwa cace, nayendabe pakati pa anthu. Ndiponso mankhwala oyamba a nsautso iyi sali a mtengo wapatali, monga anthu a ku Bangladesh eni ace anaonetsa. Bungwe la Kaan Pete Roi, loyamba m'caka ca 2013, liri ndi anthu odzipereka, ophunzitsidwa kumvetsera pa lamya munthu wothedwa nzeru osamweruza. Dzina lomwelo linena za kuchera khutu. A Bidyanondo Foundation anagawa cakudya kwa osowa. Ku Narayanganj khansala Maksudul Alam Khorshed ndi anzace ananyamula mitembo imene abale anaiopa, ya Asilamu ndi ya Ahindu yomwe, naisunga monga mwa mwambo wa yense. Potero anabwezera ofedwa ulemu wao, nacepetsa mantha a mzinda wonse.

Cifukwa cace ndinena kuti yense wotseka citseko ca mnzace, kaya ndi boma, kaya mfumu, kaya anansi, ali ndi mangawa awiri kwa iye amene ali m'katimo: cakudya ndi mau. Wodwala nthenda yopatsirana apatulidwe ndithu. Koma mbale yace ifike pakhomo, ndipo wina aime patali namfunse kuti wadzuka bwanji. Ndipo pamene munthu aleka kudya, aleka kugona, nayamba kunena kuti moyo wace ulibe nchito, musamseke, musamuche wamisala, musamsiye yekha. Khalani naye, nimunke naye kucipatala. Miliri sinathe pa dziko lapansi, ndipo makolo anati, caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.