ZIMBABWE: Kubera zaka pa mpira kumayambira pa chiphaso cha kubadwa

BANKET — Mu Novembala 2020, timu ya Zimbabwe ya anyamata osapitirira zaka 17 inabwezedwa kwawo mpikisano wa Cosafa utangoyamba kumene ku Port Elizabeth, m'dziko la South Africa. Matimu a Botswana, Comoros ndi Eswatini nawo anachotsedwa. Makina a MRI anaonetsa kuti m'matimuwa munali osewera amene mafupa awo anali atakhwima kale, ndipo lamulo linali loti mmodzi akalephera, timu yonse ipakire. Otsala kulimbirana chikhocho anali Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia basi.

Zikatere, chala chimaloza wosewera ndi mphunzitsi wake. Komatu bodza la zaka silikonzedwa pabwalo la zamasewera. Limakonzedwa pa pepala, ndipo madera a mapulazi monga Banket akuonetsa chifukwa chake n'kosavuta kutero.

Banket ndi tauni yaing'ono m'boma la Zvimba, makilomita pafupifupi 95 kuchokera ku Harare pa msewu wa ku Chinhoyi. M'nthawi ya atsamunda, mapulazi a fodya ndi chimanga a kuno anakoka antchito ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ambiri anatchona. Zidzukulu zawo zinabadwira m'makomboni, nthawi zina popanda kalata ya kuchipatala, kwa makolo amene nawonso analibe chitupa.

Malamulo a Zimbabwe amati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42 chibadwire. Kwa mabanja ambiri a m'mapulazi izi sizinatheke. Kulandidwa kwa mapulazi kuyambira mu 2000 kunawabalalitsa, ndipo lamulo la unzika la mu 2001 linasandutsa ambiri kukhala alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC, koma mapepala sanabwere okha. Mu 2021 bungwe la Amnesty International, potchula chiwerengero cha UNHCR, linati anthu pafupifupi 300,000 anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko.

Pa masewera, vutoli limaluma mbali ziwiri. Mwana wa zaka 14 zenizeni amene alibe chiphaso amabwezedwa pa mipikisano ya sukulu, pakuti oyang'anira amafuna umboni wa zaka. Mnzake wamkulu, amene walembetsa mochedwa, tsiku lake lobadwa limachokera pakamwa pa makolo ndi mboni. Zaka zitatu zikhoza kusowa pomwepo. Chiphasocho chimakhala chenicheni, cha chidindo cha boma, koma deti lake ndi labodza. Wina amangobwereka cha mng'ono wake. Wotaya malo m'timu ndi mwana uja wanena zoona.

Phindu la bodzali ndi lodziwika. Sukulu imafuna chikho, mphunzitsi amafuna mbiri, ndipo matimu akunja amalipira bwino wosewera wooneka kuti akadali ndi zaka zambiri zosewera.

Bungwe la FIFA linayamba kugwiritsa ntchito MRI mu 2009, pa mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 17 ku Nigeria. Madokotala amaunika fupa la pamfundo ya dzanja. Ngati lalumikizana kotheratu, wosewerayo saloledwa. Njirayi yagwira ambiri: ku Cameroon, pokonzekera mpikisano wa mu Januwale 2023, anyamata 21 mwa 30 analephera. Koma makinawa satchula zaka za munthu, ndipo mafupa a ana ena amakhwima msanga. Ndi okwera mtengo, moti palibe angawayembekezere pa mpira wa masukulu a m'mapulazi.

Mu 2022 boma la Zimbabwe linatumiza alembi ake m'madera kwa miyezi isanu ndi umodzi kukapereka ziphaso za kubadwa ndi zitupa. Ana ambiri anapeza mwayi umene analibe. Komabe kwa amene analembetsa ali akuluakulu kale popanda kalata ya kuchipatala, mlembi analibe pena potsamira koma mawu a mboni.