Mapu a M'foni Akazima, Dalaivala Ayambire Pati?

Sabata ino tikambirane za malole. Masiku ano malole ambiri amene amatsika kuchokera ku Lichinga kudzera pa Maniamba kudzanyamula usipa ku Metangula ali ndi kagalasi patsogolo pa dalaivala, kaja akuti sikirini. Dalaivala amalumikizako foni yake, mapu n'kuonekera, mawu n'kumamuuza pokhotera. Koma madandaulo nawo achuluka. Ena akuti mapu amangozima okha. Ena akuti kadontho kosonyeza galimoto kamaima malo amodzi lole ili pa liwiro, mwinanso kamasonyeza kuti lole ili pakati pa nyanja ngati bwato.

Wina anganene kuti izi n'zachibwana. Iyayi. Dalaivala wachilendo wochokera ku Cuamba kapena ku Nampula akasokera usiku, dizilo amathera pachabe, nsomba za eni ake zimaonongeka, ndipo amene amalira ndi mayi uja anakongola ndalama kuti apikule. Tisaiwalenso kuti m'midzi ina kuno lole yomweyo ndiyo imathamangitsa wodwala kuchipatala.

Tsono poyamba tidziwe kuti pali zinthu zinayi zimene zimagwira ntchito pamodzi: masetilaiti kumwamba, foni, chingwe ndi sikirini. Chimodzi chikavuta, zonse zimaoneka ngati zafa. Musathamangire kugula foni ina. Imikani galimoto, zulani chingwe, muyang'ane mapu pa foni payokha. Ngati pa foni akuyenda bwino, vuto lili pa chingwe kapena pa sikirini. Ngati pa foni pomwepo akuvuta, chingwe ndi sikirini zilibe mlandu.

Tiyambe ndi chingwe, poti ndicho chotchipa komanso ndicho chimalakwa kawirikawiri. Zingwe zina zogula pamsika zimangotchaja basi, sizitumiza chithunzi. Foni imaonetsa kuti ikutchaja, mwini wake n'kumati zonse zili bwino, pamene sikirini siyikulandira kanthu. Pamafunika chingwe chimene chinabwera ndi foni, kapena china chabwino chachifupi, chosapitirira mita imodzi. Ngati mapu amazima nthawi zonse lole ikagunda dzenje, dziwani kuti chingwe chikugwedera pakamwa pa foni. Fumbi la msewu wa ku Cobué limadzaza pakamwapo mpaka chingwe osalowa chonse. Zimitsani foni, mutokosemo pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola. Singano ndi waya ayi, zimaononga.

Chenjeraninso ndi tchaja chija chobaya pamalo oyatsira fodya. Malole ambiri magetsi ake ndi a mavoti 24, pamene galimoto zazing'ono ndi 12. Werengani zimene zalembedwa pa tchajapo. Ngati palembedwa 12 yekha, musachibaye mu lole ya mabatire awiri, chipsa, mwina n'kupsetsanso foni.

Tifike pa sikirini. Galimoto zambiri zimene timagula zinayamba zagwira ntchito ku Japan, ndipo sikirini yake imabwera ndi chilankhulo cha kumeneko ndi mapu a kumeneko. Imeneyo ngakhale muidinedine tsiku lonse, Messumba simudzamupezamo. Kuti mapu a m'foni aonekere pa galasi, sikirini iyenera kukhala ndi Android Auto, kapena CarPlay kwa amene ali ndi iPhone. Zimenezi zinayamba m'zaka za 2014 ndi 2015, choncho sikirini yakale kuposa pamenepo ilibe. Bluetooth payokha imangotumiza mawu ndi nyimbo, chithunzi ayi. Ngati sikirini ndi yoyenera koma ikukana, zimitsani injini ndi foni yomwe, dikirani pang'ono, muyatsenso. Zikakanikabe, fufutani dzina la foniyo mu sikirini, mulumikizenso ngati ndi koyamba.

Nanga vuto likakhala pa foni? Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kuti foni idziwe pamene muli, siyidalira nsanja ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel. Imamvera masetilaiti a GPS amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo imafunika kumva osachepera anayi nthawi imodzi. Zimenezi n'zaulere, sizidya mamega. Chimene chimadya mamega ndi chithunzi cha mapu, chifukwa chimabwera pa intaneti. N'chifukwa chake mukalowa m'mapiri netiweki n'kuthawa, mumaona kadontho kokha pa galasi loyera lopanda misewu.

Mankhwala ake ndi kusunga mapu m'foni ulendo usanayambe. Muli ku Lichinga kapena pa Metangula pamene netiweki ikugwira, tsegulani Google Maps, musankhe posungira mapu ogwira ntchito popanda intaneti, mukoke dera lonse kuyambira ku Lichinga mpaka kumalire ndi Tanzania. Pakapita miyezi muziwakonzanso, poti amakalamba. Palinso mapulogalamu ena monga OsmAnd ndi Organic Maps amene anapangidwira kuyenda popanda netiweki.

Inu a ku Cobué amene mumayang'anizana ndi Likoma, ambiri muli ndi makhadi awiri m'foni imodzi, ya kuno ndi ya ku Malawi, kaya TNM kaya Airtel. Foni imatenga intaneti pa khadi imodzi yokha. Onetsetsani kuti yaloza pa khadi imene ili ndi mamega komanso imene ikugwira pamalo pamene mulipo.

Kadontho kakamaima kapena kudumphadumpha, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, kodi foni ili pati? Ikakhala pansi pa mpando kapena m'kabokosi, chitsulo cha lole chimaitchinga. Iyenera kukhala pafupi ndi galasi lakutsogolo, poona kumwamba. Chachiwiri, kodi mwatsegula zija zosungira batire? Zimenezo zimachititsa foni kugona tulo, osafunsa masetilaiti pafupipafupi. Tsekani mukakhala pa ulendo. Chachitatu ndi kutentha. Dzuwa la mwezi wa Okotobala kuno kunyanja si lamasewera. Foni ikamatchaja uku ikupsa ndi dzuwa, imayamba kuchedwa, galasi n'kuda, kenaka imazima yokha podziteteza. Ivuleni chikopa chake, muitchinjirize ku dzuwa pamalo popita mphepo.

Pali kanthu kenanso ka maina. Ife pakamwa timati Mtengula, Msumba, Kobwe, koma mapu analemba mwa Chipwitikizi: Metangula, Messumba, Cobué. Mukalemba mmene timatchulira, foni imati malowo kulibe, mwinanso n'kukulozerani kwina kutali. Musananyamuke onani kutalika kwa ulendo. Kuchoka ku Lichinga kufika pa Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100. Foni ikanena 600, dziwani kuti yamva zina.

Zonsezi muzichita galimoto itaima. Lichinga ali pamtunda wa mamita opitirira 1,300 pamene nyanja ili pa mamita osafika 500, ndiye ganizirani chitsikireni chimenecho ndi lole yodzaza simenti. Pamenepo maso akhale pa msewu, manja onse awiri pa chiwongolero. Za foni musiyireni mnyamata wanu wothandiza.

Koma ngakhale zonse zitalongosoka, mapu ali ndi malire ake. Google Maps imawerengera galimoto yaing'ono, siyidziwa kulemera kwa lole yanu. Siyidziwa kuti mvula yagwa usiku wonse kumtunda ndipo mtsinje wadzadza, kapena kuti mlatho wa mitengo uja sungapirire matani asanu. Kanjira ka njinga zamoto imatha kukaonetsa ngati msewu. Zimenezi amadziwa ndi anthu a pamudzi.

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu madalaivala, makamaka m'dzinja, imani pa msika kapena kwa amfumu mufunse za njira ya kutsogolo musanapitirire. Nanunso eni mudzi, mukaona lole yachilendo ikulowera kolakwika, ikodoleni, muiuze zoona, ndipo musachite kufuna malipiro. Katundu ali m'menemo mwina ndi wa mbale wanu yemwe.

Tikumanenso sabata yamawa.